Mafunso ndi mayankho: imfa za mankhwala osokoneza bongo ku Scotland

Ndimakhala ku Glasgow, ndipo ndimagwira ntchito pa nyumba ina yogonamo anthu osowa pokhala. Ambiri mwa iwo amagwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo. Ndikaimba foni kumudzi, kapena tikakumana Amalawi okhaokha kuno pa chinkhoswe kaya pa maliro, anthu akangomva za ntchito yanga mafunso amachita kugwa ngati mvula. Mafunso ake sasintha kwenikweni, choncho ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji?

Scotland ndi dziko laling'ono, la anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, koma mukayerekeza chiwerengero cha anthu ake ndi cha omwalira, palibe dziko la ku Ulaya lomwe limataya anthu ambiri ndi mankhwalawa kuposa ili. Bungwe la boma lolemba za kubadwa ndi kumwalira kwa anthu, National Records of Scotland, linayamba kuwerenga imfazi mu 1996. Chaka chimenecho anamwalira anthu 244. Mu 2013 anali 527. Kuchoka pamenepo chiwerengero chinakwera chaka ndi chaka mpaka kufika pa 1,339 mu 2020, ndipo chaka chimenecho ndiye chidakali choipitsitsa. Mu 2022 chinatsikira pa 1,051, mu 2023 n'kukweranso kufika pa 1,172, kenako mu 2024 chinabwerera pa 1,017.

Anthu 1,017 pa chaka ndiye kuti pafupifupi maliro atatu tsiku lililonse. Ndimakonda kuwerenga chonchi chifukwa nambala yaikulu imangodutsa m'khutu, koma maliro atatu pa tsiku aliyense wa ife amadziwa kulemera kwake.

Amoyo omwe thupi lawo linazolowera heroin ndi mankhwala ena a mtundu wake analipo pafupifupi 47,000 m'chaka cha 2019/20, malinga ndi a zaumoyo a boma. Apa sitinawerenge a cocaine, a mapiritsi, kapena a mowa. Mowa pawokha unapha anthu 1,277 mu 2023, kuposa mankhwalawo.

Akumwalirawo ndi achinyamata?

Ambiri amaganiza choncho, inenso ndinkaganiza choncho ndisanayambe ntchitoyi. Koma ayi. Ochuluka ndi a zaka zapakati pa 35 ndi 54. M'chaka cha 2000, munthu womwalira ndi mankhwalawa ankakhala wa zaka pafupifupi 32. Pofika 2023 zinali zaka 45. Amuna amamwalira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi akazi.

Anthu amenewa ndi makolo a ana, ena ndi agogo. Anayamba ali anyamata m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo akula nawo mankhwalawo. Pano mapapo anatha ndi fodya, chiwindi chinavulala, mtima ndi wotopa. Mlingo womwe thupi linkaupirira ali ndi zaka 25 tsopano umawagoneka osadzukanso.

Nanga n'chifukwa chiyani Scotland, osati England kapena France?

Yankho limodzi lokha palibe, koma muzu wake waukulu ndi umphawi. Mu 2023, munthu wokhala m'madera osaukitsitsa a dzikoli anali pa chiopsezo chofa ndi mankhwalawa kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi wa m'madera olemera. Mizinda ya Glasgow ndi Dundee ndiyo imatsogola pafupifupi chaka chilichonse.

Amalawi tikamva mawu oti umphawi timaganiza za nkhokwe yopanda chimanga, ndiye tikaona munthu ali ndi nyumba ya magetsi ndi madzi a m'mipope timafunsa kuti wasauka pati. Umphawi wa kuno ndi wa mtundu wina. Glasgow unali mzinda wokhoma sitima zapamadzi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo madera ozungulira anali a migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo. Ntchito zimenezi zinatha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Mabanja ambiri anali atasamutsidwa kale m'makomboni akale a pakati pa mzinda n'kukaikidwa m'nyumba zosanjikizana kunja kwa tauni, kumalo monga Easterhouse, Drumchapel ndi Castlemilk, kutali ndi abale, kutali ndi ntchito. Bambo ali pa ulova, mwana akumaliza sukulu osaona kolowera, ndipo nthawi yomweyo heroin wotchipa anafika m'misewu. Kumudzi kwathu munthu ntchito ikamuthera amabwerera kukagwira khasu, ndipo amapeza amalume omulozera pomanga nyumba. Kuno kunalibe munda wobwererako.

Chinanso n'chakuti pafupifupi aliyense amene ndacheza naye mozama pa ntchito yanga ali ndi bala la paubwana: kumenyedwa, kugwiriridwa, kuleredwa ndi boma m'manja mwa anthu osiyanasiyana, kuona mayi ake akumenyedwa usiku uliwonse. Mankhwala anabwera ngati chophimba balalo.

Boma nalonso lili ndi mlandu wake. Mu 2016, imfa zikukwera, ndalama zopita ku ntchito zothandiza anthu a mowa ndi mankhwala zinadulidwa. Chiwerengero cha 2019 chitatuluka mu December 2020, nduna yoona za umoyo wa anthu, Joe FitzPatrick, inatula pansi udindo. Mtsogoleri wa boma panthawiyo, Nicola Sturgeon, anavomera poyera kuti boma lake linatayirira, ndipo mu January 2021 analengeza ndalama zokwana mapaundi 250 miliyoni zoti zigwire ntchitoyi kwa zaka zisanu.

Mankhwala ake ndi ati amene akupha anthu?

Pa imfa 10 zilizonse, pafupifupi 8 mumapezeka mankhwala a gulu la opioid: heroin, morphine, methadone. Koma kawirikawiri sapha okha. Omwalira ambiri amapezeka ndi mankhwala angapo m'magazi, ndipo kusakaniza kumeneku ndiye chimake cha vuto la Scotland.

Pali timapiritsi ta buluu togonetsa tomwe timagulitsidwa m'misewu ngati Valium (dzina lina la diazepam wa kuchipatala), koma si Valium weniweni. Timapangidwa mobisa m'magalaja ndi m'nyumba za anthu, poyamba ndi etizolam, kenako ndi bromazolam. Kamodzi n'kotchipa kuposa botolo la madzi akumwa, ndiye anthu amameza chodzaza dzanja. Palibe amene amadziwa mphamvu ya piritsi lililonse. Lina ndi ufa chabe, linzake la m'thumba lomwelo n'loti lingagwetse ng'ombe. Mu 2020 mapiritsi a mtunduwu anapezeka mu imfa pafupifupi 2 pa 3 zilizonse. Onjezanipo pregabalin ndi gabapentin, omwe ndi mankhwala a kuchipatala, ndi mowa pamwamba pake.

Zaka zaposachedwapa cocaine wakwera kwambiri, ndipo ambiri akumachita kudzibaya naye. Kwafikanso mankhwala opangidwa m'malabotale otchedwa nitazene, ena mwa iwo amphamvu kuposa heroin kambirimbiri, omwe amasakanizidwa mu heroin ndi m'mapiritsi wogula osadziwa.

Munthu amafa bwanji kwenikweni akamwa mopitirira?

Funso ili ndilo ndimafunitsitsa kuti aliyense alimvetse, chifukwa pamenepa ndi pomwe moyo umapulumukira.

Heroin, methadone, mapiritsi ogonetsa ndi mowa, zonsezi zimafooketsa mbali ya ubongo yomwe imauza thupi kuti lipume. Chimodzi chikafooketsa pang'ono, chinzake n'kuwonjezera, munthu amayamba kupuma mwapatalipatali mpaka kusiyiratu. Sagwa mwadzidzidzi ngati wowombedwa ndi mphenzi. Nthawi zambiri zimatenga ola kapena maola, ndipo amaoneka ngati ali m'tulo tofa nato. Amaliza mkonono waukulu, wokhala ngati pakhosi pali madzi. Anzake amati musiyeni agone, adzuka bwino mawa. Mkonono umenewo ndi munthu akulimbana ndi mpweya.

Usiku wina wa m'nyengo yozizira ndinkayendera zipinda cha m'ma 2 koloko. Pa chitseko china ndinamva mkonono womwe sunandisangalatse. Ndinagogoda, zii. Nditatsegula ndinapeza bambo wina wa zaka za m'ma 40 atakhala pansi, msana atatsamira bedi, chibwano chili pachifuwa, kapu ya tiyi ili pambali pake isanathe. Milomo inali itatuwa. Nditamukweza chikope, kamwana ka diso kanali kakang'ono ngati nsonga ya singano. Ndinamugwedeza, kumuitana dzina mokweza, osayankha. Mnzanga anaimba 999, nambala yoitanira ambulansi, ine ndinamubaya naloxone, mankhwala otsitsimutsa wokomoka ndi heroin, pantchafu, buluku ali chivalire. Tinadikira mphindi ziwiri zomwe zinatalika ngati chaka. Ndinabayanso kachiwiri. Kenako anakoka mpweya wautali, n'kutsegula maso, n'kuyamba kutikalipira kuti tamuonongera zinthu zomwe anagula ndi ndalama zake. Manja anga ankanjenjemera mpaka kunja kunacha. Patatha masiku awiri anabwera ku ofesi, sananene zambiri, anangondisiyira paketi ya mabisiketi patebulo.

Bamboyo anali atangotuluka kundende sabata yomweyo. Imeneyi ndi nthawi yoopsa kuposa zonse. Munthu akakhala milungu kapena miyezi osagwiritsa ntchito, thupi limaiwala, koma mutu umakumbukira mlingo wakale. Kafukufuku wa ku Scotland konkuno anapeza kuti m'masabata awiri oyamba munthu atatuluka kundende, chiopsezo cha imfa yotere chimakhala chokwera pafupifupi ka 7 poyerekeza ndi masabata otsatira. N'chimodzimodzi wotuluka m'chipatala kapena kumalo osiyitsa mankhwala. Banja limasangalala kuti mwana wathu wachira, osadziwa kuti sabata imeneyo ndiyo yofunika kumuyang'anira usana ndi usiku.

Naloxone ndi chiyani?

Ndi mankhwala omwe amachotsa mphamvu ya heroin ndi anzake mu ubongo kwa kanthawi, munthu n'kuyambanso kupuma. Alipo a jakisoni ndi ofayira m'mphuno. Scotland inayamba kuwagawa kwaulere dziko lonse mu 2011, kwa ogwiritsa ntchito mankhwala, abale awo ndi otuluka kundende. Pano apolisi a Police Scotland amayenda nawo m'thumba, ndipo bungwe la Scottish Families Affected by Alcohol and Drugs limatumiza pa positi kwa wopempha.

Pali zinthu ziwiri zoti musaiwale. Mphamvu ya naloxone imatha pasanathe ola, pamene ya methadone imakhala tsiku lonse, ndiye munthu angadzuke kenako n'kukomokanso. Ambulansi iitanidwe basi, ngakhale iye akukana. Chachiwiri, naloxone sagwira pa mapiritsi ogonetsa kapena mowa. Komabe mubayeni, chifukwa mukachotsa katundu mmodzi thupi limatha kusenza wotsalayo, ndipo kwa munthu amene sanamwe opioid savulaza. Podikira ambulansi mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe.

Bwanji osangowamanga onse, kapena kuwasiyitsa mokakamiza?

Akhala akumangidwa kwa zaka zoposa 50. Lamulo loletsa mankhwalawa, Misuse of Drugs Act, ndi la 1971, ndipo ndende za kuno n'zodzaza ndi anthu omwewa, olowa ndi kutuluka. Imfa sizinatsike. Ogulitsa akuluakulu amangidwe ndithu, ine sindiwamvera chisoni. Koma kumanga wodwalayo kumangomuchotsera nyumba, kumudula pa chithandizo, n'kumubweza kumsewu thupi litaiwala mlingo.

Kusiya si nkhani ya kulimba mtima kokha. Amene anaonapo agogo awo fodya wa m'mphuno atawathera amadziwa chibaba. Tsono chibaba cha heroin chimabwera ndi kutsegula m'mimba, kusanza, thukuta, mafupa kuphwanya ngati malungo aakulu, ndi kusagona masiku angapo. Kusiya mwadzidzidzi mapiritsi ogonetsa kapena mowa, kwa amene anazolowera kwambiri, kungamugwetse khunyu ngakhale kumupha. Kumutsekera munthu m'chipinda kuti asiye n'kuika moyo wake pa chiswe.

Nanga methadone si kungosinthanitsa chizolowezi china ndi chinzake?

Ndimalimva kawirikawiri funso ili, ngakhale kwa anthu a kuno. Methadone ndi opioid ndithu, madzi obiriwira omwe madokotala amapereka m'malo mwa heroin, munthu n'kumakamwera ku famase m'mawa uliwonse, wogulitsa mankhwala akuona. Ndipo n'zoona kuti amapezeka m'magazi a omwalira ambiri, makamaka akasakanizidwa ndi mapiritsi. Koma munthu amene ali pa chithandizo chimenechi mwayi wake wokhala ndi moyo ndi waukulu kwambiri kuposa amene sali pa chithandizo. Sadzuka m'mawa n'kuganiza zokaba, sabaya mitsempha kangapo pa tsiku, amatha kukaona ana ake. Pano kuli buprenorphine wa jakisoni wa pamwezi, wotchedwa Buvidal, ndipo ndaona anthu akusintha nkhope chifukwa chosafunikanso kukaima pamzere tsiku lililonse.

Chomwe ndimadandaula n'chakuti ena amangopatsidwa methadone zaka 15, 20, popanda wowafunsa za bala lija la paubwana. Kuyambira 2021 boma linaika mfundo yoti wopempha chithandizo ayambe tsiku lomwelo, koma si madera onse omwe afikapo. Munthu akabwera lero kuti ndatopa, ndithandizeni, inu n'kumuuza kuti abwere pakatha masabata atatu, mwina simudzamuonanso.

Tamva kuti ku Glasgow kuli nyumba yomwe boma limalola anthu kudzibayiramo. N'zoona?

N'zoona. Imatchedwa The Thistle, ili pa Hunter Street kummawa kwa mzinda, ndipo inatsegulidwa pa 13 January 2025. Ndi yoyamba mu United Kingdom, ngakhale ku Bern, m'dziko la Switzerland, anayamba kale mu 1986. Munthu amabwera ndi mankhwala ake. Sagulitsidwa kapena kugawidwa pamalopo. Amapatsidwa singano zatsopano, amakhala m'kachipinda kake, anamwino ali pafupi ndi mpweya ndi naloxone. Akamaliza angathe kusamba, kuchapa, kutsukidwa zilonda, kapena kulankhula ndi wina za nyumba ndi chithandizo.

Njira yofikira pamenepa inali yaitali. Kuyambira 2015 kachilombo ka HIV kanafala pakati pa anthu odzibaya m'tinjira ta pakati pa Glasgow, ndipo anthu oposa 100 anakatenga. Ifeyo Amalawi nkhani imeneyi sitichita kufotokozeredwa. Mzinda wa Edinburgh unaziona kale m'ma 1980, pomwe dokotala Roy Robertson anapeza kuti pafupifupi theka la odzibaya omwe anawayeza ku dera la Muirhouse anali ndi kachilomboka chifukwa chobwerekana singano. Akuluakulu a Glasgow anapempha malo otere, koma lamulo la mankhwala lili m'manja mwa boma la ku London, lomwe linakana. Mu 2020 Peter Krykant, yemwe naye anadutsa m'moyo womwewu, anagula galimoto n'kuyamba kulandiriramo anthu popanda chilolezo. Zinatheka mu September 2023 pomwe mkulu wa oimira boma pa milandu ku Scotland, Dorothy Bain, ananena kuti sadzazenga mlandu munthu wopezeka ndi mankhwala ake mkati mwa nyumbayo.

Anthu ena okhala pafupi akudandaula za singano zotayidwa m'misewu mwawo, ndipo madandaulo awo ndi omveka. Palibe kholo lomwe lingakonde mwana wake kutola singano posewera. Ineyo poyamba nkhaniyi inandivuta mumtima, ndi mmene ndinaleredwera mu mpingo. Chinandisintha ndi kuona komwe anthu ankabayira kale: kuseri kwa mabini, mumdima, mvula ikugwa, ali yekhayekha. Nyumba imodzi singathetse vuto la dziko lonse. Koma wokomokera mmenemo amakhala ndi womuona.

Kupatula imfa, mankhwalawa amawononganso chiyani?

Zilonda za m'miyendo zosapola, mitsempha yotsekeka, miyendo yodulidwa mwa anthu a zaka 40. Matenda a chiwindi a hepatitis C, omwe mwamwayi pano amachizika ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12. Ubongo wovulala mwa amene anapulumuka atakhala nthawi yaitali opanda mpweya. Ngongole kwa ogulitsa, ndi nkhanza zomwe akazi amakumana nazo pobweza ngongolezo. Ana otengedwa ndi boma, ndi agogo olera zidzukulu pa ukalamba wawo, monga momwe zinalili kwathu edzi itavuta.

Chomwe sindidzaiwala ndi maliro a mayi wina yemwe ankagona pa nyumba yathu. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: mchemwali wake, mwana wake wamkazi, ndi ife antchito. Mwambo wonse unatha mphindi 20. Panalibe siwa, panalibe wolira mokweza, panalibe mnansi wobwera ndi nkhuni kapena ufa. Mchemwaliyo anandinong'oneza kuti sanauze anthu chifukwa cha manyazi.

Kodi zimenezi zikutikhudza ife Amalawi?

Amene tili kuno, inde. Ubale wa Malawi ndi Scotland ndi wakale, mpaka mzinda wathu wa Blantyre unatengera dzina la kwawo kwa David Livingstone, kufupi ndi Glasgow. Ambiri tabwera kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito za unamwino ndi zosamalira okalamba, ndipo nyumba zomwe timakwanitsa lendi nthawi zambiri zili m'madera omwe aja ovutika. Ana athu akuphunzira sukulu za kumeneko, makolo tili pa shifiti ya usiku. Mapiritsi masiku ano amagulitsidwa pa foni, pa Snapchat ndi Telegram, osati pa ngodya ya msewu pokha.

Kumudzi mankhwala ake ndi ena: chamba, kachasu, mowa wotchipa wa m'timabotolo, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ndi mapiritsi a diazepam kapena tramadol ogulidwa popanda kalata ya dokotala. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, osati chosuta. Chamba sichiimitsa kupuma ngati heroin, koma kwa achinyamata ena chimadzutsa matenda a maganizo, ndipo a ku chipatala cha Zomba Mental kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amawalandira otere. Koma thupi ndi limodzimodzi kulikonse: diazepam kapena codeine pamwamba pa kachasu amachita zomwe zija ndafotokoza. Woledzera amene akuliza mkonono wachilendo ndipo sakudzuka mukamugwedeza, musamusiye pakhonde kuti mowa umuthere. Mugonekeni chammbali, pezani galimoto, thamangirani naye kuchipatala.

Ndikukayikira mwana wanga. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kufufuza m'chikwama chake pamaso pa abale, kapena kumuopseza kuti mumutumiza kumudzi. Mwana woopsezedwa amangophunzira kubisa, ndipo wobisa amamwera kuchipinda atakhoma chitseko, komwe kulibe womumva. Sankhani nthawi yomwe ali bwinobwino, muli awiri, mwina mukuyenda kapena muli m'galimoto. Muuzeni zomwe mwaona: kugona masana onse, kulankhula kokoka lilime, ndalama kusowa m'nyumba, anzake atsopano omwe safuna kuti muwadziwe. Kenako khalani chete, mumve. Mwina akana ulendo woyamba ndi wachiwiri.

Pempherani naye ngati ndinu opemphera, inenso ndimatero, koma pitaninso kwa dokotala wanu wa m'dera. Kuno chithandizo cha NHS, zipatala za boma, n'chaulere kwa wolembetsa, ndipo m'madera ambiri munthu angathe kudzipereka yekha ku ofesi yothandiza za mowa ndi mankhwala popanda kalata. Wodwala akakomoka, imbani 999 ndipo nenani zoona zonse za zomwe wamwa. A ambulansi akufuna kudziwa kuti amupatse chiyani. Itanitsani naloxone ngakhale mukungokayikira chabe, muphunzire kagwiritsidwe kake, zimatenga mphindi 10. Muike pamalo podziwika ndi aliyense m'nyumbamo, osati m'sutikesi yokhoma, ndipo mwanayo mumuuze pomwe ali.